Nyimbo Yoiwalika Imadzuka Bwanji? Mafunso ndi Mayankho pa Kwateti ya Florence Price

M'chaka cha 1935, wopeka nyimbo wa mumzinda wa Chicago ku America, mayi Florence Price, analemba nyimbo ya zoimbira zinayi za nsambo, yotalika pafupifupi theka la ola. Anamwalira isanasindikizidwe, ndipo panadutsa zaka zoposa 80 chilembereni nyimboyo kuti munthu wamba ayambe kuipeza pa chimbale. Nyimbo zotere zilipo zambirimbiri m'mabokosi a nyumba zosungira zakale, ndipo nthawi ndi nthawi gulu la oimba limadzipereka kuphunzira imodzi n'kuijambula. M'munsimu muli mafunso amene anthu amakonda kufunsa pa ntchitoyi. Mayankho onse atsamira pa mfundo imodzi: nyimbo singagamulidwe kuti ndi yabwino kapena yachabe isanaimbidwe mokwanira, choncho oiphunzira koyamba amasenza katundu wolemera kuposa oimba nyimbo yodziwika kale.

Kodi kwateti ya nsambo n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi orchestra?

Ndi gulu la anthu anayi: awiri oimba vayolini, mmodzi viyola, wina tchelo. Nyimbo yolembedwera gulu lotere imatchedwanso kwateti. Zoimbira zitatuzi n'zapachibale. Chilichonse chili ndi nsambo zinayi ndipo chimalira pokwechedwa ndi uta, monga amalizira kaligo. Vayolini ndiyo yaing'ono, ya mawu okwera. Viyola ndi yokulirapo, mawu ake ndi otsikirapo. Tchelo ndi yaikulu moti woimba amakhala pampando n'kuiimika pakati pa mawondo, ndipo ndiyo imagwira besi. Nyimbo zamtunduwu zimatchedwa chamber music chifukwa poyamba zinkaimbidwa m'zipinda za nyumba, pamaso pa anthu ochepa. Amene anaika maziko a kwateti ndi Joseph Haydn wa ku Austria, m'zaka za m'ma 1700. Iye analemba makwateti oposa 60, ndipo Beethoven pambuyo pake analemba 16. Mu orchestra, anthu khumi kapena kuposerapo amaimba mzere umodzi wa vayolini pamodzi, kutsogolo kuli wowatsogolera ndi kamtengo, ndipo wina akaphonya anzake amamubisa. Mu kwateti mzere uliwonse uli ndi mwini wake mmodzi, wotsogolera palibe. Zimenezi zili ndi ubwino ndi kuipa kwake pa nyimbo yoiwalika. Ubwino ndi woti anthu anayi okha, opanda ndalama zambiri, akhoza kuidzutsa. Kuipa kwake, chiganizo chilichonse cha mmene iimbidwire chili pa iwo, ndipo akalakwa palibe wowaphimba.

Florence Price anali ndani, ndipo nyimbo zake zinasowa bwanji?

Anabadwira ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas, mu 1887, m'banja la anthu akuda ophunzira. Bambo ake anali dokotala wa mano, ndipo mayi ake ndiwo anayamba kumuphunzitsa piyano. Anakachita maphunziro ku New England Conservatory mumzinda wa Boston, n'kumaliza mu 1906. Mu 1927, chiwawa cha tsankho chitafika povuta ku Little Rock, banja lake linasamukira ku Chicago. Kumeneko symphony yake yoyamba inapambana mpikisano wa Wanamaker mu 1932, ndipo chaka chotsatira Chicago Symphony Orchestra inaiimba motsogozedwa ndi Frederick Stock. Aka kanali koyamba kuti orchestra yaikulu ya ku America iimbe symphony ya mkazi wakuda. Mu 1939, Marian Anderson poimba pamaso pa chikhamu cha anthu ku Lincoln Memorial ku Washington, anatsekera ndi nyimbo yauzimu yokonzedwa ndi Price. Apa n'zoonekeratu kuti ali moyo sanali munthu wosadziwika. Analemba nyimbo zoposa 300, koma zambiri mwa zikuluzikulu zinangokhala zolembedwa pamanja. Mu 1943 analembera Serge Koussevitzky, wotsogolera Boston Symphony Orchestra, n'kunena poyera kuti zomutchinga zinali ziwiri, kukhala mkazi komanso kukhala wakuda. Koussevitzky sanaimbitse nyimbo zake. Atamwalira mu 1953, dzina lake linayamba kuzimiririka. Mu 2009, banja lina lomwe linkakonza nyumba yakale yosiyidwa pafupi ndi St. Anne, m'chigawo cha Illinois, linapezamo milu ya mapepala a nyimbo. Nyumbayo inali imene Price ankakhalamo m'miyezi yotentha. Pakati pa mapepalawo panali makonsato ake awiri a vayolini ndi symphony yachinayi. Mapepalawa anakasungidwa ku University of Arkansas, ndipo mu 2018 kampani yosindikiza nyimbo ya G. Schirmer inatenga umwini wa ntchito zake. Koma n'kulakwa kuganiza kuti zonse zinachitika mwamwayi tsiku limodzi. Akatswiri ngati Barbara Garvey Jackson ndi Rae Linda Brown anali atakhala zaka zambiri akufufuza moyo ndi nyimbo zake, ndipo popanda iwo mapepala a ku St. Anne sakanapeza anthu odziwa kufunika kwake.

Ngati nyimbo inaiwalika, si umboni wokwanira kuti inali yosakoma?

Maganizo amenewa ndi ofala, ndipo ali ndi kachoonadi kake. Nyimbo zambiri zoiwalika n'zofookadi. Amene amafufuza m'mabokosi akale amadziwa kuti zoyenera kudzutsidwa ndi zochepa poyerekeza ndi zoyenera kusiyidwa. Vuto lili pa kuganiza kuti nthawi imasefa mwachilungamo. Nthawi imasefa zokhazo zimene anthu anazimva. Nyimbo imene sinasindikizidwe, imene oimba sanaigwirepo, sinalephere mayeso alionse chifukwa sinalowe n'komwe m'mayesomo. Umboni ulipo wochuluka. Franz Schubert analemba nyimbo yake ya zoimbira zisanu za nsambo mu 1828, miyezi iwiri asanamwalire. Wosindikiza amene anamulembera sanaitenge. Inaimbidwa pagulu koyamba mu 1850 n'kusindikizidwa mu 1853, koma lero ambiri amaiika m'gulu la nyimbo zopambana kwambiri za chamber music. Fanny Hensel, mlongo wake wa Felix Mendelssohn, analemba kwateti mu 1834, ndipo inasindikizidwa mu 1988. Bambo ake anali atamuuza ali mtsikana kuti kwa iye nyimbo ikhale chokongoletsa chabe, osati ntchito. Ngakhale nyimbo zisanu ndi imodzi za Bach za tchelo yokha zinkaonedwa ngati zophunzirira basi, mpaka Pablo Casals, ali ndi zaka 13, anapeza kope lake m'sitolo ya ku Barcelona mu 1890, n'kuziyeserera zaka zoposa khumi asanaziimbe pagulu. Pa nkhani zitatu zonsezi, chimene chinasintha si manoti. Chinasintha n'chakuti panapezeka anthu oziimba bwino. Ku bwalo la amfumu mlandu sugamulidwa mwini wake asanapatsidwe mpata wolankhula, ndipo nyimbo nayo imalankhula pokhapokha ikaimbidwa.

Popeza zonse zinalembedwa papepala, chovuta n'chiyani? Si kungowerenga n'kuimba?

Pepala la nyimbo silinena zonse, ndipo pepala lolembedwa pamanja limanena zochepa kuposa pamenepo. Kwateti ya Beethoven yadutsa m'manja mwa akonzi ndi oimba kwa zaka pafupifupi 200. Zolakwika zambiri zinapezeka kale n'kukonzedwa. Nyimbo yoiwalika ilibe mwayi umenewu. Choyamba pamafunika mkonzi woti asandutse zolemba pamanja kukhala buku losindikizidwa, lokhala ndi mizere inayi yonse pamodzi, komanso mapepala apadera a woimba aliyense. Pa ntchitoyi mafunso amatuluka tsamba ndi tsamba. Kadontho aka ndi noti kapena inki inangodontha? Apa wopeka anafafaniza n'kulemba zina ndi pensulo: chomaliza ndi chiti? Mu mzere wa vayolini muli chizindikiro cha shapu, chokweza noti pang'ono, koma pa noti lomwelo mu mzere wa viyola mulibe: anaiwala, kapena ankafunadi kuti mawu awiriwo akhulane? Nyimbo yoyambirira ikabwereranso kumapeto, zizindikiro za kukweza ndi kutsitsa mawu zasiyana ndi poyamba: ndi dala kapena kufulumira polemba? Wopeka ali moyo, oimba amamufunsa, ndipo iyenso akamva nyimbo yake ikuimbidwa amakonza zimene sizikumveka monga ankaganizira. Price anamwalira kale, choncho amene ayenera kuyankha ndi oimbawo. N'chifukwa chake gulu losamala silikhutira ndi buku losindikizidwa lokha. Limapempha zithunzi za zolemba zenizeni kumene zikusungidwa, limayerekeza noti ndi noti pamalo okayikitsa, ndipo limaphunzira nyimbo zina za wopeka yemweyo kuti lidziwe chizolowezi chake. Pali misampha iwiri. Wina amakhulupirira pepala mopitirira, n'kumaimba cholakwika cha mkonzi ngati nzeru za wopeka. Wina amakonza chilichonse chachilendo kuti chifanane ndi zimene anazolowera, potero n'kuchotsa zomwe zimasiyanitsa wopekayo ndi anzake. Njira yapakati ndi yotopetsa, koma ina palibe.

Nanga anthu anayi amaphunzira bwanji nyimbo imene sanaimvepo?

Aliyense amayamba payekha, kuphunzira mzere wake ndi kuwerenga mizere ya anzake kuti adziwe amene ali ndi nyimbo yeniyeni pamalo aliwonse. Akakumana amaiimba yonse kamodzi mosaima, ngakhale ikhale yokhotakhota, kuti aone kukula kwa ntchito. Kenako amaiduladula. Nthawi yambiri imathera pa zinthu zitatu. Choyamba ndi kulunzanitsa mawu. Zoimbirazi zilibe timizere totsogolera zala ngati gitala. Chala chikasuntha pang'onong'ono, noti lasintha. Onse amatchuna kuyambira pa nsambo ya A, koma zimenezo n'chiyambi chabe. Pa mawu atatu a do, mi ndi so, amene wagwira mi ayenera kutsitsa pang'ono poyerekeza ndi mmene piyano imalizira, apo ayi mawu atatuwo sagwirana bwino. Choncho mudzapeza anthu anayi akhala pa noti limodzi kwa mphindi zingapo: tchelo yayamba yokha, viyola yalowa, kenako mavayolini, mpaka kanjenjenje kamene kamamveka mawu akasemphana katha. Chachiwiri ndi mauta. Uta ukamatsika mawu amayamba molemera, ukamakwera amayamba mopepuka n'kumakula, ndipo onse ayenera kugwirizana koyambira, koduliza ndi kuchuluka kwa uta woti agwiritse. Zonsezi amazilemba ndi pensulo, chifukwa mawa lake zikhoza kusintha. Chachitatu ndi liwiro. Gawo loyamba la kwateti ya Price lalembedwa kuti Moderato, kutanthauza liwiro lapakatikati, koma pakati pa chiyani ndi chiyani? Pa nyimbo yodziwika pali zimbale zambiri zoyerekezera. Apa khutu lawo ndilo muyeso. Anthu ena amaganiza kuti woimba vayolini yoyamba ndiye bwana, enawo ongoperekeza. M'magulu abwino a masiku ano sizili choncho. Amene ali ndi mzere wotsogolera pamalopo ndiye amapereka chizindikiro, mwina ndi mpweya kapena kugwedeza mutu, ndipo akasiyana maganizo amayesa njira zonse ziwiri asanasankhe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ntchito yotere imatenga miyezi, ndipo gulu lanzeru limaimba nyimboyo pamaso pa anthu kangapo lisanaganize zojambula, chifukwa malo ofooka amaonekera pagulu kuposa m'chipinda choyeserera.

Bwanji osangoiimba monga amaimbira nyimbo za ku Ulaya zofanana nayo?

Funsoli ndi lofunika chifukwa kufanana kulipodi. Price anaphunzira luso la ku Ulaya, ndipo kwateti yake ija ya 1935, ya mu A minor, ili ndi magawo anayi monga mwa mwambo umenewo. Ambiri akaimva amakumbukira Antonín Dvořák, wopeka wa Chitcheki amene analemba kwateti yake yotchuka ku Spillville, m'chigawo cha Iowa, mu 1893, ndipo ankanena kuti nyimbo za America ziyenera kumangidwa pa nyimbo za anthu akuda. Koma Dvořák anali mlendo woyamikira, pamene Price anali mwini wake. Izi zimaonekera bwino pa gawo lachitatu, lomwe analitcha Juba. Juba anali gule wa akapolo a m'minda ya kumwera kwa America, wovinidwa poomba m'manja, kumenya ntchafu ndi chifuwa komanso kuponda pansi mwamphamvu. Thupi linkagwira ntchito ya ng'oma, popeza m'madera ena malamulo ankaletsa akapolo kukhala ndi ng'oma. Lamulo la South Carolina la 1740, lomwe linabwera pambuyo pa kuukira kwa ku Stono mu 1739, ndi chitsanzo chake. Price anaika Juba pamalo pomwe opeka a ku Ulaya ankaika gule wawo, ndipo anachita chimodzimodzi mu symphony yoyamba, yachitatu ndi yachinayi. Oimba amene aimba gawoli mowongoka, kuwerenga nthawi ngati wotchi, akhoza kulondola noti lililonse koma gule n'kusowa. Kukankha kwa mawu pakati pa kugunda, kulemera kwa phazi, kupepuka kwa uta, zonsezi sizilembedwa mokwanira pa pepala. Chimodzimodzi gawo lachiwiri, Andante cantabile, limene dzina lake likulamula kuti liimbidwe ngati ndi pakamwa: amene sanamvetsere mmene nyimbo zauzimu za anthu akuda zimaimbidwira sadziwa pamene mawu amapumira. Pali ngozi inanso, yokokomeza, yosandutsa nyimbo yolembedwa mwaluso kukhala chionetsero cha zimene woimba akuganiza kuti ndiye chikuda. Price anasankha yekha kulemba kwateti, ndipo mizere yake inayi ndi yolukana mosamala. Kuiimba bwino n'kulemekeza magwero ake onse awiri.

Kodi kujambula kumayenda bwanji?

Nyimbo zamtunduwu kawirikawiri sizijambulidwa m'kachipinda ka situdiyo, munthu mmodzimmodzi, monga zimakhalira ndi nyimbo zambiri za pawailesi. Onse anayi amaimba pamodzi, muholo kapena m'tchalitchi momwe mawu amamveka bwino, kutali ndi phokoso la magalimoto. Maikolofoni awiri akuluakulu amaimikidwa patsogolo pa gulu, m'mwamba pang'ono, kuti atole mawu a onse pamodzi ndi kamvekedwe ka chipindacho. Nthawi zambiri pamaikidwanso ena pafupi ndi choimbira chilichonse, ongothandizira. Maola oyambirira amathera pa kusuntha mipando ndi maikolofoni, chifukwa viyola imabisika msanga pakati pa anzake, ndipo tchelo ikayandikitsidwa kwambiri imameza onse. Woyang'anira kujambula amakhala m'chipinda china, atavala mahedifoni, buku la nyimbo lili patsogolo pake. Ulendo uliwonse woimba umapatsidwa nambala, ndipo iye amalemba m'bukumo pamene zayenda bwino ndi pamene pali vuto: apa vayolini yachiwiri yatsika, apa sanayambire limodzi, apa mpando walira, apa pepala lamveka potembenuza. Amayamba ndi kuimba gawo lonse kawiri kapena katatu, kenako n'kubwereza malo ovuta okha. Chipinda chikatentha nsambo zimasuntha, choncho amaima pafupipafupi kuti atchunenso. Chimbale chimodzi chimatenga masiku angapo, ndipo pambuyo pake pamabwera ntchito yosankha ndi kulumikiza zidutswa zabwino. Pa nyimbo yosadziwika, woyang'anirayo ali ndi ntchito yapadera. Pa Beethoven khutu lake limagwira lokha noti lolakwika chifukwa nyimboyo amaidziwa pamtima. Apa alibe chokumbukira, ndipo cholakwika cha m'buku chikadutsa, chimalowa m'chimbale n'kufalikira dziko lonse ngati kuti ndi zimene wopeka analemba.

Kulumikiza zidutswa si chinyengo kodi?

Ambiri amakhumudwa akamva kuti zimene akumvera sizinaimbidwe ulendo umodzi. Koma kujambula sikunakhalepo galasi loonetsa konsati monga inalili. Zimbale zakale zozungulira ka 78 pa mphindi zinkatenga mphindi zinayi kapena zisanu mbali imodzi, choncho nyimbo yaitali inkadulidwa kale. Casals anajambula nyimbo za Bach zija pa zimbale zotere pakati pa 1936 ndi 1939. Tepi itafala pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kudula ndi lumo n'kumata kunakhala ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo lero kompyuta imachita zomwezo. Woimba piyano wa ku Canada, Glenn Gould, anasiyiratu makonsati mu 1964 pokhulupirira kuti kujambula ndi luso lapalokha. Mfundo yaikulu ndi iyi: konsati imamveka kamodzi, chimbale chimamveka kambirimbiri. Noti lophonya pa konsati limapita ndi mphepo, koma pa chimbale limabwerera pamalo omwewo ulendo uliwonse, mpaka womvera amayamba kuliyembekezera. Pa nyimbo yodziwika womvera amadziwa kuti walakwa ndi woimba. Pa nyimbo imene akuimva koyamba, mlandu umagwera wopeka. Choncho kukonza zolakwika pa chimbale choyamba ndi chilungamo kwa mwini nyimbo. Komabe otsutsa ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Gawo lomatidwa kuchokera ku tizidutswa tambirimbiri likhoza kukhala loyera koma lopanda moyo, chifukwa ulendo wa nyimbo kuchokera poyambira mpaka pothera sumangidwa ndi lumo. Nyimbo yachilendo imafunika kwambiri ulendo umenewu, popeza womvera sadziwa kumene ikupita ndipo akudalira oimba kuti amutsogolere. Malire ake ndi omveka: maziko akhale kuimba kwathunthu kwa gawo lonse, zigamba zikhale zochepa, ndipo gulu lisaike pa chimbale chimene silingathe kuimba pamaso pa anthu.

Kodi nyimbo za Price sizikuimbidwa chifukwa cha chifundo kapena ndale za tsankho chabe?

Funsoli liyenera kuyankhidwa mosabisa. N'zoona kuti chidwi pa opeka nyimbo akuda chinakula kwambiri ku America ndi ku Ulaya kuyambira mu 2020, pa nthawi ya zionetsero zotsutsa tsankho. N'zoonanso kuti magulu ena amaika nyimbo yotere pa ndandanda pongofuna kuoneka bwino, n'kuiyeserera mothamanga pamene nthawi yambiri aipereka kwa Beethoven wa pambuyo pake. Koma khalidwe limeneli ndi umboni wotsutsa oimbawo, osati nyimboyo. Ndipotu limapweteka nyimboyo kawiri: imamveka yofooka chifukwa sinaphunziridwe, kenako omvera amapita kwawo atatsimikiza kuti inayeneradi kuiwalika. Chifukwa chimene chitseko chatsegukira sichisintha zimene zili pa pepala. Price mwiniwake, m'kalata ija ya 1943, sanapemphe chifundo. Anapempha kuti ntchito yake iweruzidwe pa ubwino wake wokha. Ena amati nyimbo yake inali yachikale pa nthawi yake, popeza mu 1934, chaka chimodzi Price asanalembe kwateti yake, Béla Bartók anali atalemba kwateti yake yachisanu, ya mawu okhulana ndi kayendedwe katsopano. Kuyerekezaku n'koona, koma muyeso wake ndi wopapatiza. Mu 1936 Samuel Barber analemba kwateti yomwe gawo lake lapakati linadzakhala Adagio for Strings, nyimbo yofatsa ya kalembedwe kozolowereka, ndipo palibe amene amati ichotsedwe chifukwa sinafanane ndi ya Bartók. Ngati kusakhala watsopano kwambiri sikunatseke chitseko kwa Barber, sikungakhale chifukwa chomutsekera Price. Munthu ali ndi ufulu womvera kwateti ya Price n'kunena kuti gawo lakuti ndi lalitali kapena kuti amakonda ya Dvořák. Kutsutsa kotere ndi ulemu umene nyimbo zazikulu zonse zimalandira. Chosayenera ndi kugamula musanamve, kaya mokomera kaya motsutsa.

Chimbale chikatuluka, ndiye kuti nyimbo yapulumuka?

Ayi, yangoyamba ulendo. Mu 2022 gulu la Catalyst Quartet linatulutsa chimbale cha nyimbo za Price za zoimbira zochepa, mothandizana ndi woimba piyano Michelle Cann, monga mbali yachiwiri ya ntchito yawo yotchedwa Uncovered. Mbali yoyamba, ya 2021, inali ya nyimbo za Samuel Coleridge-Taylor wa ku England, amene bambo ake anali a ku Sierra Leone. M'chaka chomwecho cha 2022, Philadelphia Orchestra motsogozedwa ndi Yannick Nézet-Séguin inalandira mphoto ya Grammy chifukwa cha chimbale cha symphony yoyamba ndi yachitatu ya Price. Izi n'zazikulu, koma chimbale chimodzi chili ndi ngozi yake: chikhoza kusanduka lamulo. Oimba otsatira amatengera liwiro lake ndi kapumidwe kake, poganiza kuti ndi mmene nyimboyo ilili, pamene anali maganizo a anthu anayi pa masiku angapo. Nyimbo imakhazikika pamene gulu lachiwiri laiimba mosiyana, lachitatu n'kutsutsa onse awiri, aphunzitsi n'kuyamba kuipereka kwa ophunzira, ndipo zolakwika zimene oimba apeza zabwezedwa kwa osindikiza kuti kope lotsatira likhale lolondola. N'chifukwa chake gulu lojambula koyamba liyenera kulemba m'kabuku ka chimbale zimene linasankha pamalo okayikitsa ndi chifukwa chake, kuti obwera pambuyo adziwe pomwe pali pepala ndi pomwe pali maganizo a oimba. Womvera nayenso ali ndi mbali yake. Makampani amajambula zimene anthu akumvera, ndipo magulu amabwereza zimene anthu akupempha. Kwateti ya Price ya mu A minor ikupezeka pa intaneti, pa YouTube ndi Spotify. Ipezeni, muimvere yonse kuyambira gawo loyamba mpaka lachinayi, osachepera katatu pa masiku osiyana, chifukwa nyimbo yachilendo sigwira khutu tsiku limodzi. Mukatero mugamule nokha, ndipo mukaikonda muuzeko mnzanu.